Digiri, bandulo ndi ntchito: zomwe Covid-19 inasintha ndi zomwe inangovundukula

Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'Malawi zinatsekedwa, kuyambira zamkaka mpaka zaukachenjede. Apo n'kuti m'dziko muno musanapezeke wodwala Covid-19 ndi mmodzi yemwe, poti atatu oyamba anawalengeza pa 2 Epulo. Ophunzira a ku Chanco, Poly, Bunda, Mzuni ndi MUST analongedza zikwama n'kubwerera kwawo. Oyamba kulowanso m'kalasi, omwe anali a chaka chomaliza pamodzi ndi a Sitandade 8 ndi Fomu 4, anatero pa 7 Sepitembala, patapita miyezi isanu ndi theka. Sitinali tokha. Bungwe la UNESCO linawerengera kuti mu Epulo chaka chimenecho ophunzira oposa 1.5 biliyoni padziko lonse anali pakhomo, ndipo la ILO linati maola a ntchito omwe anatayika mu 2020 akufanana ndi ntchito 255 miliyoni za tsiku lathunthu.

Kuchokera nthawi imeneyo mphekesera yakhala yoti zinthu sizidzabwereranso mwakale. Akuti ofesi yatha, aliyense azigwirira ntchito kunyumba. Akuti kalasi yatha, digiri izibwera pa foni. Bungwe la WHO linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti matendawa salinso chiopsezo chadzidzidzi cha dziko lonse, choncho papita nthawi yokwanira yoti tione zomwe zakhazikika ndi zomwe zinangodutsa. Ine ndikuona kuti zambiri zomwe timamva pa nkhaniyi zimanena za anthu a maiko ena, komanso a ntchito za mtundu umodzi wokha. Ife mliri unatipeza tili pena, ndipo mafunso omwe unatisiyira ndi ena.

Tiyambe ndi kwa eni nkhaniwo. Mu 2020 akatswiri awiri a zachuma a ku University of Chicago, Jonathan Dingel ndi Brent Neiman, anatenga mndandanda wa ntchito za ku America n'kumafunsa pa iliyonse kuti kodi iyi munthu angaigwire osatuluka m'nyumba? Anapeza kuti zotheka ndi 37 pa 100 zilizonse. Zambiri zinali za maloya, owerengera ndalama, opanga mapulogalamu a kompyuta ndi aphunzitsi, ntchito zomwe malipiro ake ndi abwinoko kale. Woyendetsa basi, namwino, mmisiri womanga nyumba ndi wophika sanalimo. Anaonanso kuti dziko likakhala losauka, ntchito zotha kugwiridwa pakhomo zimachepa kwambiri. Nicholas Bloom wa ku Stanford ndi anzake akhala akutsatira zomwe zinachitika pambuyo pake. Mliri usanafike, masiku ogwirira ntchito kunyumba ku America anali pafupifupi 5 pa 100. Pachimake pa mliri anaposa theka, kenako anatsika n'kukhazikika pa tsiku limodzi mwa anayi alionse.

Ndiye kuti ofesi sinathe, koma sinabwererenso momwe inaliri. Ambiri a ntchito zam'maofesi kumeneko amapita masiku awiri kapena atatu pa sabata, otsalawo n'kugwirira pakhomo. Makampani ena, monga Amazon, analamula kuti kuyambira mu 2025 antchito awo am'maofesi azipita masiku asanu onse. Zifukwa zomwe mabwana amapereka ndi zambiri, zina zongofuna kuona anthu ali pamipando, koma chimodzi ndi choona ndipo chikutikhudza. Munthu yemwe wagwira ntchito zaka khumi angathe kugwirira kulikonse, poti akudziwa kale chochita komanso woti amufunse. Yemwe wangotuluka kumene ku koleji amaphunzira ntchito poona akuluakulu: momwe amayankhira kasitomala wokwiya, momwe amakonzera lipoti lolakwika, zomwe amanena msonkhano ukatha. Zimenezi sizidutsa bwino pa Zoom. Amene amapindula ndi kugwirira kunyumba ndi okhazikika kale, amene amaluza ndi ongoyamba.

Kuno kwathu nkhaniyi inaoneka poyera mu Epulo 2020. Boma linalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo. Mavenda anatuluka m'misewu kukana, ndipo pa 17 Epulo Khothi Lalikulu linaimitsa m'bindikirowo atapempha a HRDC, omenyera ufulu wa anthu, omwe ankati boma silinakonze chomwe osauka adye akatsekeredwa m'nyumba. M'bindikirowo sunachitike. Mavendawo sankakana kuti matenda alipo ayi. Ankanena chomwe kafukufuku wa ofesi ya NSO wa 2013 anapeza kale, choti anthu 89 pa 100 alionse ogwira ntchito m'Malawi ali pa ntchito zopanda kalata, zopanda penshoni, zopanda tchuthi: ulimi wa pakhomo, geni, ganyu, kabaza, kusoka, kuwotcherera. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinali anthu 17.5 miliyoni, 84 pa 100 okhala kumudzi, ndipo pafupifupi theka anali osakwana zaka 18. Wogulitsa tomato mu msika wa Limbe sangagwirire kunyumba. Akapanda kupita, moto suyaka tsiku limenelo.

Omwe anagwiriradi kunyumba anali ochepa: a m'mabanki, a makampani a foni, a mabungwe omwe si aboma, ndi ena a ku Capital Hill omwe ankasinthana masiku. Pamenepa mliri unaulula chinthu chomwe tonse tinkachidziwa koma osachinena. Misonkhano yambiri yomwe inkachitikira m'mahotelo a ku Mangochi, Salima ndi Mponela inapezeka kuti itha kuchitika pa kompyuta, ola limodzi n'kutha. Koma msonkhano wa pa kompyuta ulibe alawansi, ndipo kwa wantchito yemwe malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati, alawansi ndi gawo la malipiro. N'chifukwa chake misonkhano yakunyanja inabwerera msanga. Ngakhale pa K6.2 biliyoni yomwe boma linapereka yolimbanira ndi mliriwu, kafukufuku wa ndalama wa 2021 anapeza kuti gawo lina linathera m'maalawansi osayenera ndi kugula zinthu mosatsata ndondomeko. Zomwe zinakhalitsa ndi zomwe zinathandiza anthu wamba: kutumiza ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba, kutsatsa malonda pa WhatsApp ndi Facebook, ndi kutumiza katundu pa njinga yamoto mpaka pakhomo pa wogula.

Nanga ku yunivesite? Kumaiko olemera makalasi anasamukira pa intaneti m'masabata ochepa. Kuno aphunzitsi ena anayesetsa ndithu, kuika manotsi pa Moodle kapena Google Classroom, kutumiza mawu ojambula ndi ma PDF m'magulu a WhatsApp. Koleji zomwe si zaboma zinali ndi chifukwa chachikulu chofulumirira, poti fizi ikasiya kulowa, aphunzitsi salandira. Koma kalembera uja wa 2018 anaonetsa kuti nyumba zokhala ndi magetsi zinali pafupifupi 11 pa 100, ndipo kumudzi zinali zocheperatu. Bandulo inali yodula, pamwamba pake panali msonkho wa VAT wa 16.5 pa 100 ndi wina wa 10 pa 100 womwe boma linaika pa intaneti ndi mameseji mu 2015. Wophunzira wa ku Area 47 kapena Namiwawa ankatha kutsatira phunziro pa laputopu. Mnzake wa kalasi yomweyo, yemwe anabwerera ku Nthalire kapena ku Makhanga, ankayenera kupita patsika kukatchajitsa foni, n'kufunafuna pomwe netiweki ikugwira, n'kusankha kuti mwa mafayilo asanu atsegule liti.

Apa m'pomwe pali phunziro lalikulu la mliriwu kwa ife. Tinkaganiza kuti yunivesite imagulitsa zomwe mphunzitsi amanena pa bolodi. Itatsekedwa tinaona kuti zimenezo n'zomwe zimapezeka mosavuta, poti pa YouTube pali maphunziro aulere a aphunzitsi otchuka a dziko lonse. Zomwe zinasowa ndi zina: babu loyaka usiku, tebulo lowerengerapo, laibulale, labu, anzako okambirana nawo, ndi nthawi. Makamaka nthawi. Mtsikana akakhala ku hositelo, ntchito yake ndi kuwerenga. Akabwerera pakhomo, madzi, nkhuni, mphika ndi odwala zimamudikira, ndipo palibe amene amaona foni yomwe ili m'manja mwake ngati kalasi. Mpanda wa koleji unkachititsa kuti mwana wa mlimi ndi mwana wa bwana akhale ndi mwayi wofananako kwa zaka zinayi. Maphunziro atapita kunyumba, aliyense anabwerera ku mphamvu za kwawo.

Kumunsi zinali zowawa kuposa apa. Kafukufuku wa boma anapeza kuti pa miyezi yomwe sukulu zinali zotseka atsikana pafupifupi 40,000 anatenga pathupi ndipo ana pafupifupi 13,000 analowa m'banja. Mayeso a MSCE a 2020 anabedwa, MANEB inawathetsa mu Novembala ali mkati, ndipo analembedwanso mu Januwale 2021, mwezi womwe funde lachiwiri linapha nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Okhoza sanakwane theka. Ena mwa ana omwe anatayika m'njira nthawi imeneyo akanakhala akumaliza digiri pano. Mayunivesite nawo makalendala awo anasokonekera, ndipo osankhidwa ena anakhala pakhomo nthawi yaitali akudikira kuti anzawo akutsogolo awasiyire malo.

Vuto la malo silinabwere ndi mliri. University of Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 ndipo inakhala yokha kwa zaka zoposa makumi atatu, kufikira Mzuni itatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kenako Bunda inapatuka n'kukhala LUANAR, MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo pa 4 Meyi 2021, mliri uli mkati, UNIMA inagawidwa patatu: Poly inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinapanga KUHeS, Chanco inatsala ndi dzina la UNIMA. Mayina anachuluka, koma mipando ndi mabedi sizinachuluke mofanana. Zaka zaposachedwapa olemba MSCE amaposa 150,000 pa chaka, pomwe osankhidwa kupita ku mayunivesite asanu ndi imodzi a boma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ndi cha m'ma 10,000 basi. Mkangano wa kota, womwe unatigawa kwa zaka zambiri mpaka boma litalengeza zoithetsa mu 2020, gwero lake linali lomweli: nsima yochepa pa mbale ya anthu ambiri, ndiye kumalimbana kuti ayambe kusamba m'manja ndani.

N'chifukwa chake maphunziro a ODeL, ophunzira uli kutali, sindikuwaona ngati fashoni. Kumanga hositelo ndi makalasi okwanira onse okhoza kungatitengere zaka zambiri ndi ndalama zomwe tilibe. Ndiponso njirayi si yachilendo kwa ife. Malawi Correspondence College inayamba mu 1965, kuphunzitsa ndi makalata komanso wailesi, ndipo ndiyo inadzakhala MCDE. Domasi College of Education yaphunzitsa aphunzitsi ambiri a sekondale iwo ali pa ntchito. Mzuni ili ndi malo ophunzirira a ODeL ku Karonga, Lilongwe, Balaka ndi Mulanje. Mu 2021 World Bank inavomereza ndalama zokwana madola 100 miliyoni za pulojekiti ya SAVE, yomwe mwa zina ikufuna kukulitsa maphunziro amtunduwu. Kachitidwe kake n'kotere: wophunzira amabwera pa koleji masabata angapo kudzakumana ndi aphunzitsi, amatenga mabuku a maphunziro ake, amabwerera kwawo kukawerenga ndi kutumiza ntchito, kenako amadzalemba mayeso pamalo oyang'aniridwa. Mphunzitsi wa pulayimale ku Ntchisi kapena kalaliki wa ku khonsolo atha kukweza maphunziro osasiya ntchito kapena banja.

Koma tisamale ndi mawu akuti pa intaneti n'zotchipa. Kutaya manotsi pa WhatsApp n'kotchipa, kuphunzitsa bwino munthu ali kutali n'kodula. Pamafunika kulemba phunziro lonse mwatsopano kuti munthu alimve yekha popanda womufotokozera, pamafunika wina woyankha mafunso msanga, wina woona kuti uje wasiya kutumiza ntchito n'kumuimbira foni. Izi zikasowa, anthu amasiyira panjira. Ofufuza omwe anaona makosi aulere a pa intaneti a Harvard ndi MIT anapeza kuti mwa olembetsa, omaliza sankafika ngakhale 5 pa 100, ndipo omwe ankamaliza ambiri anali ophunzira kale, a maiko olemera. Kuphunzira wekha ndi luso lomwe munthu amachita kuphunzira, ndipo mwana wochokera ku CDSS yopanda laibulale, yemwe wakula ndi kukopera manotsi pa bolodi, sanapatsidwe mwayi wolikulitsa. Tikatumiza ana a osauka ku ODeL yopanda chisamaliro, ana a opeza bwino n'kumakhala pa kampasi, tidzakhala tapanga madigiri a mitundu iwiri okhala ndi chidindo chimodzi. Chomwe chingateteze zimenezi ndi malo ophunzirira m'maboma, okhala ndi sola, makompyuta, intaneti ndi munthu wothandiza. Bungwe la MAREN, lomwe limalumikiza makoleji ku intaneti, lili ndi ntchito yaikulu pamenepa.

Palinso maphunziro omwe sadzayenda pa waya. Namwino saphunzira kupeza mtsempha pa vidiyo. Wa zomangamanga ayenera kugwira konkire, wa ulimi ayenera kuponda m'munda. Mliri womwewo unatikumbutsa kufunika kwa anthu oterewa. Odwala Covid-19 ankafa posowa mpweya, ndipo makina opangira oxygen omwe anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth mu 2020, mothandizidwa ndi Malawi-Liverpool-Wellcome, anafunika amisiri owasamalira kuti asaime. Ku Poly ndi ku MUST aphunzitsi ndi ophunzira anapanga zotchinga kumaso, mankhwala opaka m'manja ndi zipangizo zosambira m'manja. Zonsezi zinachokera m'malabu ndi m'mawekishopu, malo omwe timawamana ndalama chaka ndi chaka.

Mliri usanathe n'komwe, kunabwera china. Pa 30 Novembala 2022 kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT, pulogalamu ya AI yomwe imalemba ndi kuyankha mafunso ngati munthu, ndipo lero wophunzira aliyense wokhala ndi foni ndi bandulo atha kupeza asayimenti yolembedwa bwino m'mphindi imodzi. Izi zagwedeza njira yomwe makoleji akhala akudziwira kuti munthu waphunzira, ndipo zakhudza kwambiri ODeL, pomwe mphunzitsi saona yemwe walemba. Kuletsa sikuthandiza, poti kuntchito adzazigwiritsa ntchito ndithu. Chomwe chingathandize ndi kuyesa mwa njira zomwe makina sangalowe m'malo mwa munthu: wophunzira aime afotokoze ndi pakamwa zomwe walemba, ayankhe mafunso, achite kafukufuku pa msika wa kwawo kapena pa chipatala cha kwawo n'kubweretsa zomwe wapeza. Koma mphunzitsi mmodzi wa kalasi ya anthu mazana atatu angachite bwanji zimenezi? Tabwereranso ku vuto la kuchepa kwa aphunzitsi. Kuntchito nako, zomwe AI imachita bwino ndi zomwe ongoyamba kumene ankapatsidwa: kulemba kalata, kufupikitsa lipoti, kusanja manambala. Makwerero ataya sitepe yoyamba, pomwe yoyambayo inali kale yovuta kuiponda.

Aliyense amene wayendapo ndi envelopu ya khaki m'maofesi akudziwa mzere uja wa m'nyuzipepala woti ofunsira akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri kapena zitatu. Munthu azigwira kuti zakazo ngati palibe womulemba? Boma linayambitsa ndondomeko ya internship ya omaliza maphunziro mu 2018, ndipo a Tonse Alliance anapambana chisankho cha pa 23 Juni 2020 atalonjeza ntchito 1 miliyoni. Koma ntchito zolembedwa sizibadwa ndi lonjezo, zimabadwa makampani akamakula, ndipo makampani sakula pomwe magetsi akuthimathima, mafuta akusowa ndi ndalama zakunja zikuvuta. Boma, lomwe ndi bwana wamkulu wa ophunzira, limaphunzitsa anamwino ndi aphunzitsi omwe amatha zaka ali pakhomo kudikira kulembedwa, chonsecho zipatala ndi sukulu zikusowa anthu. Mabungwe omwe si aboma anali pothawira pa ambiri, kufikira kumayambiriro kwa 2025 pomwe boma la America linaimitsa thandizo la USAID ndipo mapulojekiti ambiri anatsekedwa. Amene amati achinyamata athu akusowa ntchito chifukwa alibe maluso oyenera akunena theka chabe la zoona. Theka linalo ndi loti ntchitozo kulibe.

Komabe theka loyambalo tisalitaye. Olemba ntchito amadandaula za omaliza digiri omwe satha kulemba lipoti lomveka kapena kugwiritsa ntchito Excel. Kumaiko ena dandaulo lotere lachititsa makampani ena kusiya kufunsa digiri pa ntchito zina, ndipo makosi afupiafupi a Google, Cisco kapena a pa Coursera atchuka. Kwa wophunzira wathu makosi oterewa ndi othandiza ngati ndiwo zoonjezera, makamaka pa za kompyuta, pomwe munthu atha kuonetsa chomwe wapanga. Koma asanamizidwe kuti pepala latha ntchito. Boma limalemba ndi kukweza anthu poona satifiketi. Namwino, dokotala, loya ndi wowerengera ndalama sagwira ntchito popanda chilolezo cha mabungwe awo. Ndipo kuchuluka kwa makoleji otsatsa madigiri pa intaneti kwabweretsa akamberembere. Munthu asanalipire tambala iliyonse, afufuze ku NCHE ngati kolejiyo ndi kosiyo zili zovomerezeka, poti koleji itha kukhala yolembetsedwa koma kosi ina yake ayi. Makolo agulitsa mbuzi ndi chimanga kulipirira mapepala omwe bwana aliyense amawakana.

Chomwe ndikanakonda chisinthe msanga ndi attachment. M'makoleji ambiri wophunzira amapatsidwa kalata n'kuuzidwa kuti akadzipezere yekha malo, ndiye wokhala ndi amalume ku kampani amapeza, wopanda amalume amangokhala kapena amakathera miyezi itatu akufotokopa mapepala. Chikhala kuti nthawi imeneyi imakonzedwa bwino, ndi woyang'anira kuntchito, ndi ntchito yeniyeni yoti ichitike, ndi mamalikisi olemera, wophunzira bwenzi akutuluka ali ndi choonetsa pa zaka ziwiri zija.

Pali chiyembekezo china chomwe achinyamata a m'tauni amachikamba kwambiri: kukhala ku Chilomoni kapena ku Chibavi n'kumagwirira ntchito kampani ya ku London kapena ku Toronto, kulandira madola. Izi zikuchitikadi, makamaka kwa opanga mapulogalamu, ojambula ndi olemba, ndipo malo monga mHub ku Lilongwe ndi Mzuzu E-Hub aphunzitsa ambiri. Kufika kwa Starlink mu 2023 kwathandiza omwe angakwanitse mtengo wake. Koma bwana wakutali samva zoti magetsi anathima. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo wopanda sola kapena jenereta sakanatha kulonjeza kuti ntchito ifika pa nthawi yake. Pa intaneti ukupikisananso ndi wa ku Lagos, Manila ndi Bangalore. Ndipo si ntchito zonse zakutali zomwe zili za madola ambiri. Mu Januwale 2023 magazini ya Time inaulula kuti antchito a ku Nairobi omwe ankawerenga ndi kusanja zolemba zonyansa pokonza ChatGPT ankalandira ndalama zosakwana madola awiri pa ola. Khomo ili ndi lenileni, koma ndi laling'ono, ndipo olowapo ndi omwe ali kale ndi Chingerezi chabwino, laputopu ndi magetsi.

Khomo lalikulu lakhala lakale lomwe, lotuluka m'dziko. Mu Meyi 2020 mabasi anabweretsa Amalawi mazanamazana kuchokera ku Joni atasowa chochita ndi m'bindikiro wa kumeneko, ndipo ambiri anabwereranso malire atatsegulidwa. Britain, itaona kuti ikusowa osamalira okalamba, inatsegula viza ya ntchitoyi mu Febuluwale 2022, ndipo anthu a madigiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anapita kukagwira ntchito yomwe sanaiphunzire. Mu Malichi 2024 inaletsa kupita ndi banja, ndipo mu Julayi 2025 inatseka njirayi kwa ofunsira atsopano ochokera kunja. Mu Novembala 2023 gulu loyamba la achinyamata athu linanyamuka kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, nkhondo ili mkati. Sindingamuweruze aliyense mwa iwo. Koma zikuonetsa kuti makomo akunja amatsegulidwa ndi kutsekedwa malinga ndi zosowa za eni ake, ndipo dziko silingamange tsogolo la ana ake pa chilolezo cha ena.

Pomwe zonsezi zikuchitika, sukulu yadula. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Laputopu, foni ndi mabuku zimagulidwa ndi madola, ndiye mitengo yake inakwera nthawi yomweyo. Fizi ya m'mayunivesite a boma inakwezedwa mu 2023, ndipo lendi ya tizipinda ta ku Chikanda kapena ku Luwinga nayo sinatsalire. Bungwe la ngongole za ophunzira, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, limadalira kuti omaliza abweze kuti ena apeze, koma munthu wosalembedwa ntchito abweza ndi chiyani? Ndiponso olembedwa ena, akuluakulu ndithu, sanabweze za m'mbuyomu. Banja likamaona mwana wa aneba ali ndi digiri koma akugulitsa kaunjika, limayamba kufunsa ngati kuli koyenera kugulitsa munda. Funsoli si la umbuli.

Apa m'pomwe sukulu za ntchito zamanja zikuyenera kuonedwa ndi diso lina. TEVETA yakhalapo kuyambira 1999, tili ndi makoleji monga Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia, komanso makoleji a m'madera omwe anayamba mu 2015. Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, aima pa ulimi wamalonda, mafakitale ndi kukula kwa matauni. Zitatu zonsezi zimafuna oika sola, okonza mapampu othirira, okonza mafiriji osungira mkaka ndi nsomba, owotcherera, oyendetsa makina. Ntchito izi sizingatumizidwe ku Bangalore ndipo ChatGPT singazigwire. Chomwe chimathawitsa ana ndi makolo n'choti njirayi imaoneka ya olephera komanso yotsekeka kutsogolo. Mmisiri wamagetsi yemwe wagwira ntchito zaka zisanu azitha kulowa MUBAS kapena MUST, zomwe akudziwa kale n'kuwerengeredwa, osayambanso ngati wa Fomu 4. Wa digiri ya ulimi nayenso asachite manyazi kukatenga kosi ya miyezi itatu yokonza pampu.

Sukulu zidzatsekedwanso, ndipo zatsekedwa kale. Mu Januwale 2023 kolera inachedwetsa kutsegula sukulu ku Lilongwe ndi Blantyre. Patangopita miyezi iwiri namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 ndipo makalasi anaimitsidwa m'maboma a kum'mwera, sukulu zambiri n'kusanduka misasa ya othawa madzi. Koleji iliyonse ikuyenera kukhala ndi yankho lolembedwa la funso loti kukatsekedwa mawa, wophunzira wa ku Nsanje apitiriza bwanji. Yankholo litchule mabuku a kosi iliyonse okonzedwa kale, osindikizidwa komanso opepuka kutsegula pa foni wamba, mgwirizano ndi Airtel ndi TNM woti masamba a maphunziro asamadye bandulo, malo oyandikira okhala ndi sola komwe angakawerengere ndi kulembera mayeso, ndiponso dzina la mphunzitsi yemwe adzamuimbire akakhala chete masabata awiri.